Chidziwitso: Kufunika kwa Muyeso Wolondola wa Ngalande ya Muzu wa Dzino Pochiza Dzino Lowola

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa anthu onse, makamaka okhala m'madera ozungulira dambo la Elephant Marsh m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, za gawo limodzi la chithandizo cha mano limene limatenga nthawi koma siliyenera kudumphidwa. Gawoli ndi loyeza kutalika kwa kangalande kamene kali m'kati mwa muzu wa dzino. Muyesowu umatengedwa pamene dokotala akuchiza dzino lowola kwambiri m'malo molizula, pa chithandizo chimene kuchipatala chimadziwika ndi dzina lakuti root canal.

Wodwala amene akulandira chithandizochi amajambulidwa X-ray kangapo, amakhala pampando nthawi yaitali atayasamula, ndipo nthawi zambiri amauzidwa kuti abwerenso tsiku lina. Kwa munthu wochokera m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo, Makhuwira kapena Mbenje, amene wasiya ukonde kapena dimba lake n'kulipira bwato ndi galimoto, zimenezi zingaoneke ngati kumutayitsa nthawi ndi ndalama. Chidziwitsochi chikufotokoza chifukwa chake sizili choncho. Dzino limapulumuka kapena kutayika chifukwa cha kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri pansonga ya muzu, ndipo kuti muyesowo ulondole, wodwalayo alinso ndi mbali yake.

Mmene dzino lilili m'kati

Dzino lili ndi magawo awiri: mutu, umene umaoneka m'kamwa, ndi muzu, umene unazikika m'fupa la nsagwada. Kunja kwa mutuwo kuli chikuto choyera chimene ndi cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu. Pansi pa chikutocho pali gawo lina lofewerako, ndipo pakati penipeni pali kachipinda mmene muli mnofu wofewa wokhala ndi mitsempha ya magazi ndi minyewa. Minyewa imeneyi ndi imene imachititsa munthu kumva kutentha, kuzizira ndi ululu. Kuchokera m'kachipindako mumatsika kangalande kopyapyala kamene kamadutsa m'muzu mpaka kukatulukira pakabowo kakang'ono kunsonga, pamene mitsempha ya dzino imalumikizana ndi thupi lonse.

Mano akutsogolo nthawi zambiri amakhala ndi muzu umodzi ndi ngalande imodzi. Mano akuluakulu otafunira amakhala ndi mizu iwiri kapena itatu, ndipo ngalande zake zimafika zitatu kapena zinayi. Kutalika kwa mano kumasiyananso. Dzino lakutsogolo lam'mwamba la munthu wamkulu limatalika pafupifupi mamilimita 22 kapena 23 kuchokera pamwamba mpaka kunsonga ya muzu, mano otafunira amakhala cha m'ma 21, pamene dzino losongoka lam'mwamba, limene ndi lalitali kuposa onse, limafika mamilimita 26 kapena kupyola. Manambala amenewa ndi ongoyerekeza potengera anthu ambiri. Munthu aliyense ali ndi mano ake, ndipo ngakhale m'dzino limodzi ngalande ina imatha kutalika kuposa inzake. N'chifukwa chake dokotala sangadalire za m'buku zokha. Ngalande iliyonse iyenera kuyezedwa payokha.

Chithandizo chopulumutsa dzino

Dzino likabooka ndipo bowolo n'kufika pa mnofu wa m'kati, kapena likathyoka pangozi, tizilombo toyambitsa matenda timalowa. Mnofuwo umatupa, ndipo poti uli m'kachipinda kolimba kosatambasuka, ululu wake umakhala waukulu, makamaka usiku. Pakapita nthawi mnofuwo umafa. Ululu umatha kuleka kwa kanthawi, koma tizilomboto timakhala tikuswana m'ngalande mpaka kutulukira kunsonga ya muzu, kumene timayambitsa mafinya ndi kudya fupa.

Zikafika apa njira zimakhala ziwiri: kuzula dzinolo kapena kuchiza muzu wake. Pochiza muzu, dokotala amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, amatchinga dzinolo ndi kansalu ka mphira kuti malovu asalowemo, kenaka amaboola pamwamba kuti apeze makomo a ngalandezo. Amachotsa mnofu wakufawo ndi tizitsulo topyapyala ngati singano totchedwa mafayilo, amatsuka ngalandezo ndi mankhwala opha tizilombo, amaziumitsa, n'kuzitseka ndi utomoni wapadera wotchedwa gutta-percha. Pomaliza amamata mutu wa dzino kapena kuliveka chisoti kuti lisang'ambike.

Ntchito zonsezi, kupala, kutsuka ndi kutseka, zimachitika pamalo pamene diso silifika. Dokotala amangodalira nambala imodzi: kutalika kuchokera pachizindikiro chimene wasankha pamwamba pa dzino mpaka pamene ntchito iyenera kulekezera. Nambalayi ikalakwika, zonse zotsatira zimalakwikanso.

Pamene ntchito iyenera kulekezera

Munthu angaganize kuti ngalande imathera pansonga penipeni pa muzu monga mmene chithunzi cha X-ray chimaonetsera, koma nthawi zambiri sizikhala choncho. Kabowo kotulukira kamakonda kukhala chapambali pang'ono pa nsongayo. Komanso ngalande isanafike pakabowoko imayamba yapanikizika, kenaka n'kutambasukanso. Malo opanikizikawo ndi amene ali ngati malire a m'kati mwa dzino ndi nyama yamoyo yozungulira muzu. Katswiri wina dzina lake Yury Kuttler anafotokoza bwino za malowa m'chaka cha 1955 atapima nsonga za mano ambiri pa makina okuzira zinthu, ndipo zimene anapeza zimaphunzitsidwabe m'sukulu za udokotala wa mano.

Pachifukwa chimenechi madokotala amaphunzitsidwa kulekezera ntchito yawo pafupifupi theka la milimita kapena milimita imodzi nsonga yooneka pachithunzi isanafike. Milimita imodzi ndi kadanga kakang'ono kwambiri ka pakati pa timizere tiwiri ta pa rula ya mwana wasukulu. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Muyeso ukaperewera kapena ukapyola

Muyeso ukaperewera, mbali ya kunsonga ya ngalande imatsala yosatsukidwa. Mmenemo mumatsalira mnofu wowola ndi tizilombo, ndipo pamwamba pakatsekedwa, tizilomboto timapitiriza ntchito yake mwakachetechete. Wodwala amatha kukhala bwino kwa miyezi ingapo, kenaka n'kuyamba kumva ululu potafuna, kuona kachotupa kotuluka mafinya pankhama, kapena kutupa tsaya. Akabwerera kuchipatala, pamafunika kuchotsa zonse zimene zinaikidwa n'kuyambanso, ndipo nthawi zina dzino lomwe linavutikiridwa lija limazulidwa ndithu.

Muyeso ukapyola, fayilo imabowola malo opanikizika aja n'kulasa nyama yamoyo. Zinyalala zokhala ndi tizilombo zimakankhidwira m'fupa, mankhwala otsukira amatha kudutsa n'kuwotcha nyama, ndipo utomoni wotsekera umasefukira kunja kwa muzu. Zotsatira zake ndi ululu waukulu pambuyo pa chithandizo, kutupa ndi kuchedwa kupola. Pali malo ena pamene ngozi yake imakula. Mizu ya mano otafunira am'mwamba ili pafupi ndi mphako ya mpweya imene ili m'fupa la tsaya, ndipo mizu ya mano otafunira am'munsi ili pafupi ndi mtsempha waukulu umene umachititsa mlomo wam'munsi ndi chibwano kumva kukhudza. Mtsempha umenewu ukavulala, mlomo umatha kuchita dzanzi kwa nthawi yaitali.

Kafukufuku wodziwika bwino wa Ulf Sjögren ndi anzake ku Umeå m'dziko la Sweden, amene anasindikizidwa mu 1990, anasonyeza kukula kwa kusiyanaku. Pa mizu ya mano akufa imene inali kale ndi matenda kunsonga, imene inatsekedwa mpaka mtunda wosapyola mamilimita 2 kuchokera kunsonga inachira 94 pa 100 iliyonse. Imene inatsekedwa moperewera kuposa pamenepo inachira 68 pa 100, ndipo imene utomoni unapyola nsonga inachira 76 pa 100. Izi zikutanthauza kuti pa mizu yotsekedwa moperewera, pafupifupi umodzi pa itatu iliyonse sunachire.

Njira zoyezera

Njira yoyamba, imenenso ndi yakale kwambiri, ndi ya kumva ndi zala. Dokotala amalowetsa fayilo yopyapyala pang'onopang'ono mpaka atamva kuti yagwira pamalo opanikizika. Njirayi ikufanana ndi zimene amachita woyendetsa bwato m'dambo akamayesa kuya kwa madzi ndi nsungwi: nsungwiyo imatha kuima pa udzu kapena pamatope okhuthala iye n'kumayesa kuti wafika pansi, pamene pansi penipeni pali patsogolo. Fayilo nayo imatha kuima pamene ngalande yakhota kapena pamene yachepa chifukwa cha ukalamba wa dzino, ndipo m'dzino la mwana, limene nsonga yake ili yotseguka, imatha kudutsa osagunda kalikonse. Choncho kumva ndi zala kumathandiza, koma pakokha sikukwanira. Nakonso kudikira kuti wodwala adzidzimuke fayilo ikalasa nyama si muyeso ayi, ndipo si chithandizo choyenera.

Njira yachiwiri ndi ya X-ray. Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira kuwala kumeneku mu 1895, ndipo pasanathe zaka zambiri madokotala a mano anayamba kukugwiritsa ntchito poona mizu. Dongosolo limene ambiri amatsata lero linafotokozedwa ndi John Ingle wa ku America mu 1957. Dokotala amayamba wajambula dzino asanaligwire, n'kuyeza kutalika kwake pachithunzipo. Amachotserapo pang'ono podziteteza, amaika kamphira pa fayilo pa muyeso umenewo, amalowetsa fayiloyo mpaka kamphirako katagunda chizindikiro cha pamwamba pa dzino, kenaka amajambulanso fayilo ili m'kati.

Mwachitsanzo, dzino likaoneka lotalika mamilimita 23 pachithunzi choyamba, kamphira kangaikidwe pa 22. Ngati chithunzi chachiwiri chikusonyeza kuti nsonga ya fayilo yatsala milimita imodzi ndi theka kuti ifike kumapeto kwa muzu, ndiye kuti dzinolo n'lotalika mamilimita 23.5. Dokotala akachotsapo milimita imodzi, muyeso wogwirira ntchito umakhala 22.5. Kusiyana kukakhala kwakukulu, amakonza kamphirako n'kujambulanso. Apa ndi pamene pamachokera zithunzi zingapo zija.

Chithunzi cha X-ray chilinso ndi zofooka zake. Ndi mthunzi chabe wa dzino, ndipo monga mthunzi wa munthu umatalika madzulo n'kufupika masana, chithunzi cha dzino chimatalika kapena kufupika malinga ndi mmene makina apendekera. Mizu iwiri imatha kuphimbana, ndipo muzu wokhotera kutsaya kapena kulilime suonetsa kukhota kwake. N'chifukwa chake wojambula amagwiritsa ntchito kachipangizo kogwirira filimu kuti ikhale molingana ndi dzino, ndipo nthawi zina amajambula chopendekera mbali ina kuti mizu isiyanitsike. Wodwala akagwedezeka kapena akasuntha filimu ndi lilime, chithunzicho chimawonongeka.

Njira yachitatu ndi ya kachipangizo ka magetsi kotchedwa apex locator. Kambedza kachitsulo kamakolekedwa pamlomo wa wodwala, waya wina amalumikizidwa ku fayilo, ndipo kachipangizoko kamatumiza mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri imene munthu saimva. Makoma a ngalande salola magetsi kudutsa bwino, koma nyama yonyowa yozungulira nsonga ya muzu imalola. Choncho fayilo ikamayandikira kabowo kotulukira, kachipangizoko kamaonetsa kusinthako pagalasi lake ndipo kamalira. Dokotala akafika pamenepo amabweza fayilo pang'ono, amakhazika kamphira, n'kuyeza pa rula.

Maganizo oyeza muzu ndi magetsi anayamba ndi L. E. Custer mu 1918, koma amene anawasandutsa njira yogwira ntchito ndi Imao Sunada wa ku Japan mu 1962. Iye anapeza kuti mlingo wa kukana magetsi pakati pa nyama ya kunsonga ya muzu ndi khungu la m'kamwa umakhala pafupifupi wofanana mwa anthu onse, pa 6.5 kilo-ohm. Zipangizo zoyambirirazo zinkasokonezeka m'ngalande mukakhala magazi, mafinya kapena mankhwala. Vutoli linachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene Chihiro Kobayashi wa ku Tokyo anakonza njira yoyerekeza miyeso iwiri ya magetsi nthawi imodzi, imene inagwiritsidwa ntchito m'kachipangizo kotchedwa Root ZX. Zipangizo zambiri za masiku ano zimatsata nzeru yomweyo.

Ubwino wa apex locator ndi wakuti imapeza kabowo kenikeni kotulukira, osati nsonga yongooneka pachithunzi, ndipo imachepetsa chiwerengero cha zithunzi. Komabe imatha kunama fayilo ikakhudza chitsulo chomatira dzino, malovu akalowa m'bowo, batire likafooka, kapena nsonga ya muzu ikakhala yotseguka kwambiri. Sionetsanso kuti mizu ilipo ingati ndipo yakhota motani. Choncho njira yodalirika ndi kuphatikiza ziwirizi: X-ray ionetse maonekedwe a muzu, apex locator iloze malire, ndipo zikatsutsana dokotala ayezenso. Timapepala tosongoka toumitsira ngalande timathandizanso kutsimikiza, chifukwa kapepala kakapyola malire kamatuluka konyowa kapena kamagazi kunsonga.

Pali chinthu china chimene chimachititsa kuti muyeso ubwerezedwe. Ngalande yokhota ikamapalidwa imawongoka pang'ono, ndipo njira ikawongoka imafupika. Nambala imene inali yolondola poyamba imatha kukhala yopyola pomaliza. Dokotala wosamala amayezanso asanatseke, ndipo amajambula utomoni uli m'malo mwake.

Zimene zimavuta m'chigwa cha Shire

Dambo la Elephant Marsh, limene David Livingstone analipatsa dzinali mu 1859 ataonamo njovu zambirimbiri, lili ndi mahekitala oposa 60,000 ndipo mu 2017 linaikidwa pamndandanda wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar. Anthu ambiri amadalira dambo limeneli pa usodzi, ulimi wa m'madimba ndi ziweto. Koma madzi omwewo amene amadyetsa anthu ndi amenenso amadula njira. Mitsinje ya Shire ndi Ruo ikasefukira, monga zinachitikira mu Januwale 2015, pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, madera a kutsidya la kum'mawa monga Makhanga ndi Muona amavuta kufikako ngakhale kutulukako.

Zimenezi zimakhudza mwachindunji chithandizo cha muzu wa dzino, chifukwa nthawi zambiri chimachitika maulendo awiri kapena kuposerapo. Pakati pa maulendowo dzino limakhala lomatidwa mongoyembekezera, ndipo chomatacho sichipangidwira kukhala miyezi yambiri. Chikagwa kapena kung'ambika, malovu amalowa ndi tizilombo m'ngalande zimene zinatsukidwa kale. Komanso dzino loboledwa limakhala lofooka. Munthu akalumira nzimbe, chimanga chokazinga kapena fupa, kapena akamadula ulusi wa ukonde ndi mano, kansonga kamene dokotala anasankha kukhala chizindikiro choyambira muyeso kamatha kubenthuka. Kakabenthuka, nambala yolembedwa ija imakhala yopanda ntchito, ndipo wina akaitsata osayezanso, fayilo imapyola nsonga ya muzu. Dzino likang'ambika mpaka kumuzu, silingapulumutsidwenso.

Kutentha kwa chigwachi nakonso kumafuna chisamaliro. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupyola madigiri 40, ndipo mafilimu a X-ray pamodzi ndi mankhwala otsukira zithunzi amawonongeka akasungidwa pamalo otentha. Chithunzi chosaoneka bwino chimabisa nsonga ya fayilo yopyapyala. Ogwira ntchito m'zipinda za mano akukumbutsidwa kusunga zinthuzi pamalo ozizira, kuona masiku ake othera ntchito, kuonetsetsa kuti mabatire a apex locator ali ndi mphamvu, ndiponso kusatseka ngalande mongoyerekeza pamene magetsi azima kapena makina ojambulira awonongeka. Ndi bwino kuika mankhwala m'ngalande, kumata mongoyembekezera n'kupangana tsiku lina, kapena kutumiza wodwala kumene kuli zipangizo.

Kumene wodwala ayambire

Si dzino lililonse lowawa limene lingachizidwe muzu. Pamafunika kuti mutu wa dzino ukhale utatsala wokwanira kumatidwa, fupa lozungulira likhale lolimba, ndipo wodwala akhale wokhoza kubwera maulendo onse. Amene angaweruze zimenezi ndi wogwira ntchito ya mano amene waona dzinolo. Anthu a m'mbali mwa damboli ayambire kuchipatala chimene ali nacho pafupi, chimene chidzawalozera kuchipinda cha mano pa chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje. M'chigwachi mulinso zipatala za Ngabu, Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona. Popeza kuchiza muzu kumafuna makina ojambulira ndi zipangizo zapadera, wodwala angathe kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Chikwawa ndi oposa 170 kuchokera pa boma la Nsanje. Ndi nzeru kufunsiratu kuchipatala chotumizacho za tsiku loyenera kupita ndi chiwerengero cha maulendo, ndalama zoyendera zisanawonongeke.

Kwa zaka zambiri ntchito ya mano m'maboma yakhala m'manja mwa madental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, pamene madokotala a mano anali osakwana 50 m'dziko lonse ndipo onse anaphunzira kunja. Mu 2019 sukulu ya College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano m'dziko muno mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito ya MalDent. Mu 2022 Unduna unakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino yokhudza umoyo wa m'kamwa. Ogwira ntchito ya mano akamachuluka, mwayi wopulumutsa dzino m'malo molizula udzafika kwa anthu ambiri, ndipo n'kofunika kuti anthu adziwiretu mmene chithandizo choyenera chimayendera. Aliyense wochiza mano ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa zimenezi.

Zimene wodwala ayenera kuchita

Asanayambe chithandizo, wodwala auze dokotala za matenda ena amene ali nawo, monga a shuga, a mtima kapena othamanga magazi, ndi mankhwala onse amene akumwa. Amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda anene msanga apex locator isanalumikizidwe. Mayi woyembekezera anenenso, kuti dokotala aone zithunzi zimene zili zofunikadi. Mphamvu ya kuwala kwa X-ray ya dzino limodzi ndi yochepa kwambiri, ndipo kagwiritsidwe ntchito ka makina otere m'dziko muno kamayang'aniridwa ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority.

Wodwala afotokoze moona za kumene amakhala ndi mmene amayendera. Ngati nyengo ya mvula yayandikira ndipo njira ya kwawo imaduka, dokotala adziwe zimenezi asanaboole dzino, kuti apangane masiku oyandikana kapena asankhe chomata cholimba.

Pojambulidwa, akhale chete osagwedezeka, ndipo asatseke pakamwa fayilo ili m'dzino. Akamva ululu akweze dzanja.

Apemphe kuti m'buku lake la kuchipatala mulembedwe dzino limene likuchizidwa, chiwerengero cha ngalande, kutalika kwa iliyonse, chizindikiro chimene muyeso unayambira ndi mankhwala amene aikidwa m'kati. Bukuli alisunge m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe pabwato kapena pamvula, ndipo alitenge ulendo uliwonse, makamaka ngati adzamalizitsa chithandizo kuchipatala china.

Pakati pa maulendo atafunire mbali inayo, apewe zolimba, ndipo apitirize kutsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Chomata chikagwa kapena dzino likabenthuka, apite kuchipatala chapafupi osadikira tsiku limene anapatsidwa, ndipo akafika kwa dokotala anene zimene zinachitika kuti muyeso utengedwenso.

Asaleke chithandizo panjira chifukwa chakuti ululu watha. Ululu umatha pa ulendo woyamba chifukwa mnofu wotupa wachotsedwa, koma ngalande yosatsekedwa imadzazanso tizilombo. Mankhwala opha tizilombo ogula pamsika sangachize dzino lakufa, chifukwa m'ngalande yake simuyendanso magazi oti afikitse mankhwalawo. Kuika aspirin, madzi a batire kapena mafuta a galimoto m'bowo la dzino kumangowotcha nkhama.

Dzino likatsekedwa limatha kumva kuwawa pang'ono potafuna kwa masiku angapo. Fupa limene linadyeka kunsonga limabwerera pang'onopang'ono, motero wodwala amafunika kuonedwanso pakatha chaka, ndipo mabala ena a m'fupa amatenga zaka zofika 4 kuti atsekeke.

Zizindikiro zosayenera kuzengereza nazo

Munthu amene watupa nkhope mpaka kutseka diso, amene chotupa chafika pansi pa chibwano kapena pakhosi, amene akulephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma bwino, kapena amene watentha thupi chifukwa cha dzino, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Matenda ochokera m'muzu wa dzino amatha kufalikira n'kutseka njira ya mpweya, ndipo amapha.

Unduna wa Zaumoyo ukupempha mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a m'madoko a asodzi ndi alangizi a zaumoyo m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje kuti athandize kufalitsa uthengawu. Kabowo kakang'ono ka pa dzino kakaonedwa msanga kamangomatidwa tsiku limodzi, popanda kufika kumuzu. Koma amene wauzidwa kuti muzu wa dzino lake uchizidwe aleze mtima pamene dokotala akuyeza ndi kuyezanso, asunge buku lake, ndipo abwere pa tsiku limene wapatsidwa mpaka chithandizo chithe.